Buluu wa Kuseri kwa Nyumba

1.

Kwiii. Kwiii.

Dolika anamva kulirako ali pakhonde pake akusenda chinangwa, ndipo mpeni unaima wokha m'manja. Nyumba ya malemu mng'ono wake Elube inali pompo, kungodumpha kamzere ka nandolo. Anasuzumira. Makwerero atatsamira khoma. Pamwamba pake a Laisoni, amuna a malemuyo, chipewa chili pamphumi, akumasula ngalande ya pulasitiki yolandira madzi a padenga, ija amisiri amati gata.

Akusasula.

Mawuwo sanawatchule. Anangowameza, n'kupitiriza kusenda chinangwa chimene anali atasenda kale.

2.

Loweruka likudzali kunali kusudzula.

Kuno ku Thyolo mwamuna amachita kubwera, mwini dothi ndi mkazi. Mkamwini akaferedwa amadikira, ndipo nthawi ikakwana abale a malemu amamukhazika pamphasa, kumuthokoza, kumumasula kuti ukwati watha. Kenako pamabwera funso. Mukhala kapena mupita? Funsolo limafunsidwa pakamwa, koma yankho lake munthu amakhala ataliwerenga kale pankhope za eni mudzi.

Amene ali ndi ana amakhala chifukwa cha ana. A Laisoni ndi Elube analibe mwana. Anali ndi nyumba ya njerwa zootcha, mitengo iwiri ya mapeyala kuseri, ndi zaka zochuluka moti anyamata ena m'mudzimo sankadziwa n'komwe kuti mkuluyu kwawo ndi ku Neno.

Tinene mosabisa, Dolika ankafuna kuti alamu akewo akhale. Anadwazika nawo Elube limodzi, mmodzi kumutu wina kumiyendo. Pamudzi ponse ndi iwo okha amene ankaseka Dolika akatsanzira mmene malemuyo ankakalipira nkhuku. Koma mkazi wopanda mwamuna sangaime pabwalo n'kunena kuti amuna a mng'ono wanga asapite. Pachitsime angamusende wamoyo.

Dolika sanafunse.

3.

Chaka chimene anafolera nyumbayo, Elube anamukoka mkulu wake kupita naye ku Limbe. A Laisoni ankafuna matabwa wamba m'mphepete mwa denga, aja amati mafesha, opaka penti chaka ndi chaka monga amachitira aliyense. Elube anakana. Amuna anga akukalamba, sindifuna kuti ndiziwaona pamakwerero Khirisimasi iliyonse.

M'sitolomo mnyamata wogulitsa anagogoda thabwa la pulasitiki ndi chala.

Awa mayi ndi amakono. Sasuluka, safumbwa, sawola.

Ngakhale dzuwa la Okutobala?

Ngakhale la ku Nsanje, mayi.

Nanga chiswe?

Chiswe chimangonunkhiza n'kubwerera.

Kunali oyera, ofiirira, obiriwira ngati masamba a tiyi. Elube analoza a buluu, buluu woderako uja wa yunifolomu ya ana a sukulu ikakhala yatsopano. Magata nawonso a buluu. Dolika anati iwe, nyumba ikhala ngati chipatala. Elube anati ikhale, odwala azibwera tiziwapatsa tiyi.

Mu minibasi pobwerera, matabwa atamangidwa pansi pa mipando mpaka kutulukira kumbuyo, Elube ankangobwereza ngati nyimbo ya kwaya.

Sasuluka, safumbwa, sawola.

4.

Zimene dzuwa linachita, mwakachetechete, popanda wolilamula:

chaka choyamba, palibe;
kenako buluu wa yunifolomu yochapidwa kawiri;
kenako buluu wa yunifolomu ya mwana wachitatu kuivala;
kenako mtundu wa utsi;
kenako mtundu wopanda dzina, umene ukaukhudza umasiya ufa woyera m'manja.

Kumaso kwa nyumba kokha, koyang'ana kumsewu, kumene dzuwa limaswera.

Elube ankaima pabwalo manja m'chiuno. Mnyamata wa ku Limbe uja ndikadzamuona. Sanadzamuone. Ndipo kunena chilungamo, mnyamatayo ananama kamodzi kokha pa katatu, chifukwa chiswe chinabweradi, n'kubwereradi.

5.

Pakuti Dolika anazionapo, zaka zambiri zapitazo, mwezi wa Januwale mvula ili pakati, pamene bambo a ana ake anadzuka m'mawa wina osalankhula ndi munthu nabwereka hamala kwa anansi nakwera padenga nayamba kuzula misomali umodziumodzi, kuiwongola, kuiika m'thumba la malaya, lata loyamba kutsika, lachiwiri kutsika, kuwala kulowa m'chipinda mmene simunalowepo kuwala, ana ataima pabwalo akuyang'ana kumwamba poyesa ndi masewera, iye akukokera matumba a chimanga pakona imene inali isanasasulidwe, kenako pakona ina, kenako panalibenso kona, anthu akudutsa panjira akupereka moni ngati palibe chikuchitika popeza malatawo anagula ndi mwamunayo ndipo mkamwini akamapita amanyamula chake, pikapu inabwera, malata analira pamwamba pake mpaka kutsidya kwa mtsinje, madzulo ake mvula inagwa m'mbale, pamphasa, m'nsapato za ana, ndipo amene anabwera mawa lake ndi udzu ndi luzi kudzafolera anali a Laisoni omwewa, akadali ndi tsitsi lakuda, akugwira ntchito osayang'ana munthu kumaso ngati kuti wolakwa ndi iwo

6.

Dolika anatenga thobwa m'kapu yachitsulo, n'kudumpha nandolo uja.

Mwaswera bwanji, alamu.

Ndaswera, kaya inu alamu.

Ndabweretsa kathobwa. Dzuwali.

Zikomo. Ikani pamthunzipo, nditsika.

Ntchito yakula.

Pang'onopang'ono.

A Laisoni anatsika, msana ukuwawa moonekeratu. Anatambasula chikhatho, chili mbuu ngati achokera kuchigayo.

Mwamuona buluu wa mng'ono wanu? Ndi ameneyu. Wasanduka ufa.

Kenako anatembenuza gata limene anatsitsa, n'kuloza pamene panali chogwirira. Kamzere kopyapyala ka buluu weniweni, woderako, wa tsiku la ku Limbe lija.

Apa dzuwa silinafikepo, anatero.

Dolika anayang'ana kamzereko nthawi yaitali kuposa mmene kanayenerera. Funso linali pakhosi, lalifupi, la mawu atatu okha. Kodi mukupita, alamu? Koma mwini mudzi akafunsa mkamwini choncho, zimamveka ngati akumuonetsa njira. A Laisoni anamwa thobwa lonse, kupukuta pakamwa, kubweza kapu ndi manja awiri.

Dolika sanafunse.

7.

Mawa lake thabwa lina linathyoka.

Pulasitiki yokalamba padzuwa siipindika, imangoti thyo, ngati bisiketi. A Laisoni anatsala ndi chidutswa m'manja ali pamakwerero, china chili pansi. Anachiyang'ana, kupukusa mutu, kuseka okha. Kuyambira pamenepo anayamba kumasula mofatsa kwambiri, dzanja lina likuchirikiza kunsi, monga mmene ankadzutsira Elube masiku omaliza aja.

Mafesha anawasanja pansi pa mtengo wa peyala, aatali paokha, aafupi paokha. Magata pambali. Masikuluwu m'chitini cha mkaka. Zonse mwadongosolo, monga amasanjira munthu amene akudikira galimoto.

Madzulo asanafike, kumaso kwa nyumba kunali kuli mbee, mitu ya mitengo ya denga ili poyera. Chotsatira ndi malata. Dolika ankadziwa ndondomeko yake.

8.

Iwe Elube.

Ukuona zimene akuchita amuna akowa? Sindikuti akulakwa. Thukuta ndi lawo, anayendetsa thirakitala ku esiteti mpaka makutu anagontha mbali imodzi. Koma denga, iwe. Nyumba ikakhala yosafolera mvula imodzi yokha, njerwa zimayamba kusungunuka, m'chipinda mwako mudzamera bonongwe.

Ukanakhala iwe ukanangoima pansi pa makwerero n'kukuwa. Bambo inu, mukutani kumwambako? Basi, nkhani yatha. Ine pakamwa pamenepo sindinapatsidwe. Iwe unatenga pakamwa, ine ndinatenga mantha, amayi anagawa choncho.

Ndikusowa, mwana iwe. Ndipo akapita awa, ndidzakusowa kawiri.

9.

Dolika anapita kwa achimwene ake, a Wedisoni, mwini mbumba, amene amayenera kudzalankhula Loweruka. Anawapeza akusoka thumba la feteleza.

Achimwene, alamu akwera padenga.

Akukonza?

Akutsitsa.

A Wedisoni anaika singano pansi. Si munthu woipa, ayi. Ndi munthu amene anazolowera kuti akabweretseredwa nkhani, ndiye kuti nkhaniyo ndi mlandu.

Wafunsa?

Ndifunse bwanji ine, achimwene?

Hmm. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinkayesa awa ndi ena.

Musakawakalipire. Ndangoti mudziwe.

Chimene Dolika ankafuna ndi chakuti achimwene akewo akanene mawu amene iye sakanatha kunena, akuti alamu, mukupita kuti, kwanu ndi kuno. Anayesa kuti mwini mbumba amva yekha. Pa ulendo wonse wobwerera ankadziuza kuti amva okha.

10.

Alamu, tatsikani kaye.

A Laisoni anatsika, kuvula chipewa, kupereka mpando. Dolika anaima chapatali, pafupi ndi nandolo, ngati wangodutsa.

A Wedisoni anayamba bwino. Anathokoza chifukwa cha matenda, chifukwa cha maliro, chifukwa cha zaka zonse. Kenako anatsokomola.

Ife sitikukanizani kanthu, alamu. Thukuta ndi lanu, tonse tinaona. Zam'mphepetezi tengani, magata tengani, zitseko ngati mukufuna. Koma malata okhawo. Mvula yayandikira. Tisiyireni malata, tidzakambirana bwinobwino. Za galimoto yonyamulira katundu musadandaule, tikupezerani ndife.

Nkhuku inadutsa pakati pawo.

A Laisoni anayang'ana mulu wa pansi pa peyala. Anayang'ana denga. Anatembenuzira kwa a Wedisoni khutu lawo lakumva lija, ngati kuti mwina mawuwo alowera kolakwika.

Galimoto, anatero.

Eya. Kuti musavutike.

Wakuuzani ndani kuti ndikusasula?

A Wedisoni anaponya maso ku nandolo kuja. Maso a a Laisoni anatsatira. Sanali maso aukali. Dolika akanakonda akanakhala aukali.

Ndamva, alamu. Malata sindikhudza.

11.

Chete.

Tsiku lonse makwerero ali gone pansi.

12.

M'mawa mwake a Laisoni anadzutsa makwerero aja, koma anawanyamula kupita nawo kuseri kwa nyumba, kumene mapeyala amaphimba denga ndipo dzuwa limangosuzumira. Dolika anamva kumasula kukupitirira kumeneko. Sanapite. Anachapa zovala zimene zinali zoyera kale, kusesa pabwalo kawiri.

Dzuwa litapendeka anadzutsa mutu.

Kumaso kwa nyumba ya Elube, kuchokera pakona mpaka pakhomo, kunali buluu. Buluu woderako, wa yunifolomu yatsopano. A Laisoni anali pamakwerero akumanga thabwa lachitatu, sikuluwu ili pakamwa.

Miyendo inamutenga yokha. Anazungulira kuseri. Kumeneko, pansi pa mthunzi, kunali kutamangidwa kale mafesha otuwa aja a kumaso, lothyoka lija atalilumikiza ndi kachidutswa mkati. A kuseri, amene dzuwa silinawadye, apita kumaso. A kumaso abwera kudzapuma kuseri.

Munthu uja sankasasula. Ankasinthanitsa.

Dolika anagwira khoma. Manyazi anamugwira mpaka m'mano, ndipo safunsa anadya phula uja anamukumbuka mochedwa, phula lili kale m'mimba.

13.

Alamu.

Ee, alamu.

Yakongola.

Ikongola zaka zingapo. Awanso asuluka, dzuwa silinasamuke.

Achimwene dzana aja anangolankhula.

Analankhula bwino. Mwini mbumba amayenera kuteteza denga.

Ndine ndinawauza.

Ndikudziwa.

Anatsika, n'kumuonetsa polumikizira magata awiri, pamene anasiya kampata kolowa chikhadabo.

Apa musadzalole munthu kutseka. Pulasitiki ikatentha imatambasuka, ikazizira imabwerera. Mukaipanikiza imang'aluka. Masana mukamva ikulira tik, tik, musadzaope, ndi mmene imapumira. Masamba a mapeyala muzichotsa mvula isanayambe, apo ayi madzi adzasefukira kukhoma. Mtundu wokha ndiwo umapita. Madzi adzatsikabe mpaka mumgolo.

Musadzalole. Musadzaope. Muzichotsa. Dolika anamva mmene mawuwo ankayendera, onse akuloza masiku amene mwini wake sadzakhalapo. Anatsegula pakamwa. Panjira panadutsa amayi awiri ndi zidebe pamutu, akuyenda pang'onopang'ono monga amayendera anthu amene aona mkazi ndi mlamu wake ataima pafupi.

Mwaswera bwanji kumeneko!

Taswera, anayankha Dolika, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi.

14.

Loweruka. Mphasa pansi pa peyala, thobwa m'ndowa, abale a ku Neno awiri amene anafika ndi basi, ana a mlongo wa a Laisoni amene ankawatchula malume mwaulemu wa anthu osadziwana.

A Wedisoni analankhula nthawi yaitali, ndipo maso awo ankathawirathawira ku buluu uja. Nawonso anali ataona. Pofika pa funso, mawu awo anafewa kuposa mmene mwambo umafunira.

Takumasulani, alamu. Ngati mukufuna kukhala, malo ndi anu, palibe wokuthamangitsani. Mukhala kapena mupita?

Palibe wokuthamangitsani. Ndi mawu abwino. Koma sali ofanana ndi akuti khalani, ndipo aliyense pamphasapo ankadziwa kusiyana kwake.

A Laisoni anaomba m'manja katatu mwaulemu.

Zikomo, eni mudzi. Munandisunga bwino. Ndipita.

Amayi ena anati ayi ndithu, ayi ndithu, monga amanenera. Dolika anayang'ana mphasa, pamene bango lina linathothoka.

15.

Zimene ananyamula:

chikwama chimodzi;
wailesi;
bulangete;
chithunzi cha pa ukwati;
jekete la ku esiteti.

Zimene sananyamule: zina zonse.

Galimoto sinafunike. Anakwera njinga yamoto, chikwama pamiyendo. Kwa Dolika anapereka makiyi ndi chitini cha masikuluwu otsala. Tsalani bwino, alamu. Pitani bwino, alamu. Fumbi linakwera n'kutsika.

Mvula yoyamba inabwera masabata angapo pambuyo pake, masana. Dolika anathamanga kukatsegula mgolo, n'kuima pakhonde la Elube kumvetsera madzi akuyenda m'magata, osadontha paliponse, kutsika mupaipi, kugunda pansi pa mgolo kenako kumveka mokhuta. Ntchito ya munthu wosamala. Analira pang'ono, popeza panalibe womuona.

Ndipo anadzitonthoza ndi ganizo limodzi, limene analigwira mwamphamvu mvula yonseyo ndi mvula zotsatira. Alamu anali atatsimikiza kale zopita. Munthu wotsanzika amasesa pabwalo. Ankakongoletsa nyumba ya mkazi wake kuti aisiye bwino, basi. Ngakhale ndikanafunsa, ngakhale achimwene akanapanda kubwera, akanapitabe.

Akanapitabe.

16.

M'mawa wa tsiku loyamba lija, makwerero asanatsamire khoma. A Laisoni aima pabwalo, kapu ya tiyi m'manja, akuyang'ana mafesha otuwa, akulankhula motsitsa ndi munthu amene palibe.

Mayi, ndaganiza.

Ku Neno ndikatani ine? Amene ankandidziwa ali kumanda, amene ali moyo adzandipatsa mpando wa alendo. Kwathu ndi kuno. Munda wa kumtsinje ndaugaula kale theka, mbewu ndagula, ili pansi pa bedi. Chaka chino ndikufuna ndiyeseko nyemba zija munkazikonda.

Musaseke. Ndikudziwa munati musandione pamakwerero. Kamodzi kokhaka. Ndikufuna Loweruka anthu akamakhala pamphasa, aone nyumba yanu mmene munaisankhira. A kuseri aja akadali bwinobwino, ndawaona dzulo. Awa akasuluka, ndidzaona chochita, ndidzakhala ndilipo.

Kupempha sindingapemphe. Mkamwini sapempha malo, amauzidwa. Koma anthu ali ndi maso, mayi. Akulu anu aja makamaka, palibe chimawadutsa. Atuluka kale pakhonde, akuyang'ana kuno. Zakhala bwino.

Akaona munthu akukonza nyumba, adziwa okha kuti akufuna kukhala.